Bowo Limodzi pa Bwato la Nkhafi

Nkhaniyi ndinaimva kwa wometa, lumo lili pakhosi panga, moti sindikanatha kutsutsa ngakhale ndikanafuna. Akuti mlamu wanga Nkhafi akusamuka. Akuti mwana wake uja, Nesi wa kutauni, wakonza kale chipinda kuseri kwa nyumba yake, ndipo mvula ikangosiya galimoto ibwera kudzanyamula Nkhafi pamodzi ndi chemwali wanga.

Lumo litachoka ndinafunsa kuti wamva kwa ndani.

"Kwa anthu, madala. Komanso maso tili nawo. Bwato lake walivuula, walikweza pangolo, panopa lili pakhomo pake. Msodzi akavuula bwato ndiye kuti watsanzika."

Wometa ameneyu ndi munthu wabodza. Chaka chatha anandipaka mafuta oti amameretsa tsitsi padazi, ndipo mpaka lero chomwe chawonjezereka ndi kunyezimira basi. Koma za bwatozi zinandikhala pamtima. Sindinazikhulupirire zonse, komanso sindinazitaye.

Dzina la Nkhafi ndinamupatsa ndine, tsiku limene anabwera kwathu kudzafunsira chemwali. Anali wamtali, woonda ngati bango, koma kumunsi kwake kuli mapazi aakulu ophwaphwatika. Atatsamira khoma ndinauza amayi kuti wina waiwala nkhafi yake pakhonde. Amayi anandigenda ndi patapata, koma dzinalo linamumatirira. Lero ngakhale adzukulu ake amati agogo a Nkhafi.

Anayamba kupalasa bwato asanayambe kuvala kabudula wa matumba. Bambo ake anali asodzi, agogo ake asodzi, onsewo pa thamanda lalikulu limene mtsinje wathu umapanga ukatambalala m'chigwa. Pamadzi munthuyu ndi katswiri. Amangoyang'ana maonekedwe a madzi n'kukuuzani pamene pali nsomba, amanunkhiza mphepo n'kudziwa ngati mvula ifike lero kapena mawa. Koma mukamutsitsira pamtunda ndi munthu wina. Amayenda atatangadza miyendo ngati dziko likugwedezeka. Khasu amaligwira ngati nkhafi, kugaula kumanja kamodzi, kumanzere kamodzi, moti mzere wake umayambira m'munda mwake n'kukathera m'munda mwa eni. Amphaka onse a m'dera lathu ankamudziwa kuposa mmene ankadziwira eni ake, ndipo akamachokera kumadzi ankamuperekeza mpaka pakhomo.

Nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri, ya malata. Pabalaza pali tebulo, wailesi pawindo, maukonde olendewera kudenga, ndi mpando umodzi wa miyendo itatu umene wachinayi ndi njerwa. Mpandowo amandipatsa ine nthawi zonse. Amati ndi ulemu.

Chemwali wanga ndi wamfupi, wa mawu akuthwa, ndipo ndi mlimi weniweni wa dimba. M'banja mwawo munalibe mkangano pa ntchito: madzi anali a mwamuna, dothi linali la mkazi. Nkhafi ankabwera ndi nsomba, chemwali ankabwera ndi tomato, anyezi ndi kabichi. Masamba Nkhafi ankawatcha chakudya cha mbuzi, koma ankadya, maso ali kumbali. Ndi nsomba zimenezo ndi tomato ameneyo anaphunzitsa mwana wawo mpaka kukhala nesi.

Kenako nyengo inayamba kuchita zake. A pawailesi amati kusintha kwa nyengo. Ine ndimati nyengo yakalamba ngati ife, yayamba kuiwala nthawi. Dzuwa likamawala, thamanda limaphwa mpaka ng'ombe zimadya msipu pamene Nkhafi ankaponya ukonde. Nsomba zinachepa, zotsalazo zinali ngati chala changa chaching'ono. Amphaka nawonso anasiya kumuperekeza. Mvula imachedwa, koma ikati igwe, ya miyezi itatu imagwa sabata imodzi, madzi n'kusefukira mpaka kulowa m'makonde. Kwathu n'kwa chigwa chokhachokha, kulibe chulu choti n'kuthawirapo kupatula pamene pali sukulu.

Chemwali ndiye amene zinamupweteka kwambiri. Kale madzi akaphwa ankafesa, n'kudikira mwezi kuti mbande zikule, n'kuziwokera, ndipo chinyezi chinkakhala mpaka kukolola. Tsopano mwezi wodikirawo ndi umene unkamupha. Madzi akangochoka, dzuwa limabwera ndi ukali, ndipo tomato akamayamba maluwa dothi limakhala litauma kale ngati simenti. Anayesa kufesa msanga, madzi asanabwere, pa kamulu kamene anaunjika pafupi ndi nyumba. Madzi anakokolola kamuluko zaka ziwiri zotsatizana. Chaka chachitatu ankadya zimene Nesi ankatumiza pa basi.

Ndiye Nesi analankhula, ine ndilipo, nditakhala pa mpando wa njerwa uja.

"Ababa, amayi, chaka chino mukapandanso kukolola ndikubwera kudzakutengani. Sindikufunsa. Amalume ndinu mboni."

Mtsikana ameneyu akalankhula zimakhala ngati jekeseni, sabwerera m'mbuyo. Nkhafi kutauni anapitako kamodzi, masiku atatu, ndipo anangokhala pakhonde kuyang'ana mpanda wa njerwa. Nesi anam'peza atatsegula mpopi kuti azimvako phokoso la madzi. Atabwerako anandiuza kuti akadzamusamutsira kumeneko sadzatha chaka.

Mukuona tsono chifukwa chimene mawu a wometa sindinawataye. Tsiku lomwelo, mutu uli mbee, ndinapita kukaona.

Bwato linalidi pakhomo, pansi pa mtengo wa mango, litakhala pa zipika ziwiri. Linali lomangidwa ndi chingwe chachitali kumtengowo, pamtunda pouma gwa. Nkhafi ankatuta dothi ndi ndowa n'kumathira mkati.

"Alamu, mwafika pomangirira bwato pamtunda? Mukuopa kuti lithawa?"

"Lithawa, madzi akabwera."

"Nanga dothi ili? Mukuliika m'manda lili lamoyo?"

"Ndikulima."

Ndinaseka mpaka kutsamwa. Iye anandisiya ndimalize, kenako anafotokoza. Chaka chatha, madzi atasefukira, anapalasa kudutsa pamene panali madimba. Chilichonse chinali chitamira. Koma pa bango pena anapeza bwato lakale la munthu wina litakodwa, mkati muli matope, ndipo m'matopemo munali mutamera tomato mmodzi, wobiriwira bwinobwino, akuyandama ngati bwana.

"Dimba lonse la mlongo wanuyu linamira, koma tomato wopanda mwini anapulumuka chifukwa anakwera bwato. Ndiye mbande zathu zikwerenso bwato. Madzi akabwera ziyandama. Akaphwa, mawa lake tikuwokera. Mwezi wodikira uja taudya kale."

Ndinasiya kuseka, ngakhale sindinamuuze kuti nzeru yake yandigwira mtima. Mlamu ukamuyamikira amatupa.

Vuto linali limodzi. Asanathire dothi, Nkhafi anali atamata bwato lonse ndi phula, mng'alu uliwonse, mpaka dontho silikanadutsa. Chemwali anatuluka m'nyumba, manja ali m'chiuno.

"Achimwene, auzeni alamu anuwa. Chitini chilichonse chimene ndimafesamo ndimachiboola kunsi. Mbande sizimwa madzi ngati nsomba. Aboole pansi pa bwatoli madzi azituluka."

"Mayi a Nesi, zaka makumi anayi ndakhala ndikutseka mabowo pa bwato ili. Lero mukuti ndiliboole ndekha, ndi manja anga?"

"Ndiye mbande ziola."

"Ndikaliboola limira."

"Likakhala losaboola ziola lisanayandame n'komwe."

Onse anayang'ana kwa ine. Ine ndinati onse akunena zoona, ndipo onse anandinyoza.

Nkhafi anapambana chifukwa bwato linali lake. Chemwali anafesa tomato kutsogolo, anyezi pakati, kabichi kumbuyo, akung'ung'udza. Mbewu zinamera bwino. Nkhafi ankazipatsa moni m'mawa uliwonse, munthu yemwe uja wa chakudya cha mbuzi. Anakhoma timitengo n'kufunditsa pepala la pulasitiki kuti mvula isalowe, koma mphepo yoyamba inalitenga, ndipo tinaliona likulendewera pa waya wa magetsi kumsewu.

Mvula inagwa masiku anayi. Bwato losadontha lija linachita ntchito yake mokhulupirika: silinataye dontho ngakhale limodzi. Ndinam'peza Nkhafi atagwada pambali pake ndi chitini chake chokapira madzi, akukapa ngati ali pakati pa thamanda. Koma madzi a m'dothi sakapika. Ankangokapa matope pamodzi ndi mbande zomwe. Patatha sabata mbande zinachita chikasu, zinaola m'munsi, n'kugwa chimodzichimodzi. Bwato lonse linkanunkha ngati ngalande.

Chemwali sananene kuti ndinakuuzani. Chimene anachita ndi choposa pamenepo. Anatenga katoni n'kuyamba kulongedzamo mbale zake zagalasi, pang'onopang'ono, pakhonde, pamene mwamuna wake akanatha kumuona. Anthu odutsa pamsewu anaonanso, ndipo pofika madzulo wometa anali akuuza aliyense kuti katundu wamangidwa kale.

Mbewu zinatsala theka la paketi iliyonse. Nkhafi ananunkhiza mphepo n'kunena kuti madzi aakulu afika pasanathe milungu isanu. Kufesa kunatsala kamodzi kokha. Nesi anandiimbira foni.

"Amalume, zikuyenda bwanji kumeneko?"

"Zikuyenda, mwana wanga. Bambo ako ali pa ntchito yaikulu."

"Ntchito yanji?"

"Ya ulimi wa m'madzi."

"Amalume, mukunama kapena mukuseka?"

Ndinati netiweki yavuta.

M'mawa mwake chemwali anapita kwa kalipentala n'kubwereka choboolera matabwa, chija chozunguza ndi dzanja. Nkhafi atachiona anakwera pa bwato n'kukhala pamphuno pake, mapazi aakulu aja ali lende. Ndinafika ndikuwapeza choncho: mkazi ali ndi choboolera, mwamuna ali pa bwato, nkhuku zikuonerera.

"Tsikani, bambo a Nesi."

"Sinditsika."

"Ndiye mukakhala kutauni, muzikatsegula mpopi."

Mawu amenewo anamulasa, koma sanatsike. Chemwali anakhala pansi, choboolera chili pamiyendo. Kenako anati:

"Kwa Nesi kuli sinki yotsukiramo mbale. Ili ndi bowo limodzi ndi chotsekera chake. Ukafuna madzi akhale, umatseka. Ukafuna achoke, umatsegula. Ine sindikufuna mabowo khumi. Limodzi lokha, kumbuyo, m'munsi. Mvula ikamagwa bowolo ndi langa. Madzi akasefukira ndi lanu."

Nkhafi anayang'ana kumbuyo kwa bwato. Anayang'ana mkazi wake. Anandiyang'ana ine, ngati ndine ndinayambitsa sinki.

"Chotsekera ndisema ndekha," anatero.

"Semani."

Anasema tsiku lonse. Kamtengo kotalika ngati chala, koma anakasema, kukapala, kukayeza, kukapalanso, ngati akusema mwana. Tinatulutsa dothi lonunkha lija, tinaika zitsononkho ndi udzu wouma pansi kuti madzi azidutsa, tinakweza chipika chakutsogolo kuti bwato lipendekere kumbuyo. Itakwana nthawi yoboola, Nkhafi anagwira choboolera, anachiika pa thabwa, ndipo dzanja linakana.

"Alamu, gwirani inu. Mulibe chisoni inu."

Anazungulira kuseri kwa nyumba, akuti akukaona nkhuku. Nkhuku zonse zinali kutsogolo ndi ife. Ine ndinaboola ndi mtima wonse, ndikuimba mluzu kuti amve. Atabwerako anagwada, analowetsa chala m'bowomo, n'kupepesa bwato motsitsa mawu. Chemwali anayang'ana kumbali kuti asaseke.

Tinathira dothi latsopano losakaniza ndi manyowa, losazama kwambiri kuti bwato lisalemere. Chemwali anafesa mbewu zotsala zija. Mvula inagwanso, ndipo madzi ankatuluka pabowo paja ngati mwana akukodza. Nkhafi sankafuna kuyang'ana. Chotsekera anachimangirira kachingwe n'kuchivala m'khosi, ndipo ankapita nacho kulikonse, ngakhale kosamba. Mbande zinakula zonenepa, zobiriwira, masamba anayi, kenako asanu ndi limodzi.

Madzi anafika Lachiwiri m'mawa, dzuwa likuwala, kumwamba kulibe mtambo. Mvula inali itagwa kumapiri kutali, ife tinangolandira katundu wake. Anayamba kulowa m'ngalande, kenako mumsewu, kenako pabwalo, mwakachetechete ngati mlendo wamanyazi. Anthu anayamba kunyamula ana, mbuzi ndi matumba kupita kusukulu. Ine ndinadutsira kwa chemwali kuti ndimuthandize katundu, ndipo anandisenzetsa wailesi ndi mpando wa miyendo itatu. Njerwa anaisiya.

Nkhafi anali atagwada m'madzi ofika m'mawondo. Anavula chotsekera m'khosi, anachikulunga kansanza, anachilowetsa m'bowo, n'kuchikhoma ndi mwala katatu. Nkhope yake inali ngati ya munthu amene wabwezeredwa mkazi.

"Tsopano bowo ndi langa," anauza chemwali.

"Ndi lanu. Koma mukamiza mbande zanga musabwere kusukulu."

Tinaima pakhonde, madzi akutinyambita akakolo, kudikira. Madzi anakwera mpaka kuphimba zipika. Bwato linalira ngati chitseko chakale. Linagwedezeka, mphuno inadzuka, kenako lonse linanyamuka n'kuyamba kuzungulira mtengo wa mango pa chingwe chake, tomato kutsogolo, anyezi pakati, kabichi kumbuyo. Nkhafi anakwera pa thabwa lakumbuyo, ananjuta, chitini chokapira chili m'manja.

Kusukulu tinakhalako masiku asanu ndi anayi. Mibadwo yonse m'kalasi imodzi, mbuzi m'kalasi ina, ndipo ine ndinagona pansi pa bolodi lolembedwa masamu amene anandithamangitsa kusukulu komweko kalekale. Kuchokera pabwalo la sukulu nyumba ya Nkhafi imaoneka. Tsiku lililonse anthu ankaima m'mphepete mwa madzi kuonerera munthu wamtali atanjuta kumbuyo kwa munda woyandama. Mvula ikagwa ankafunditsa mbande ndi thumba n'kumakapa pakona pamene anasiya popanda dothi. Dzuwa likatuluka ankavundukula. Madzulo ankabwera kusukulu pa bwato la mnzake kudzadya ndi kugona, m'mawa n'kubwerera. Tsiku lachitatu anaponya mbedza pafupi ndi khola lake la nkhuku, ndipo anabwera ndi milamba iwiri yaikulu.

"Zaka zonsezi ndinkapita kutali," anatero, "kusadziwa kuti nsomba zimakhala pakhomo panga."

Wometa, amene anali atatsegula shopu yake pansi pa mtengo wa pasukulu, anati bwatolo Nkhafi walikonza kuti adzakwere popita kutauni, masambawo ndi kamba wa panjira.

Madzi anaphwa Lachinayi. Bwato linatera pambali pa zipika zake, litapendekeka pang'ono, koma mbande zonse zili moyo kupatula kabichi zingapo zimene Nkhafi anazikhalira. Chemwali sanalowe n'komwe m'nyumba kukaona matope. Anapita molunjika kumbuyo kwa bwato, anazula chotsekera, n'kuchipereka kwa mwamuna wake.

"Bowo labwerera kwa ine."

Loweruka anayamba kuwokera. Dimba linali matope okhaokha, onona, ofika m'akakolo. Anansi awo anali akufunafuna kumene mbewu zoti afese. Ine ndinathandiza kwambiri ndi malangizo, nditakhala pa chitsa. Chemwali anakoka chingwe kuti mizere iwongoke, koma mizere ya Nkhafi inakhotabe, chingwe chili pomwepo. Nkhafi anati tomato sadziwa kuti mzere wakhota.

Dzuwa laukali lija linabwera pa nthawi yake yatsopano. Mbande za anzathu zitangowokeredwa kumene, dothi linayamba kung'ambika. Za chemwali zinali zitazika kale mizu pansi pomwe chinyezi chimabisala. Pamene tomato wa ena ankafota ndi maluwa ake, wa chemwali anali akupsa. Si kuti zonse zinayenda bwino. Kabichi theka anadyedwa ndi mbozi, ndipo mzere umodzi wa Nkhafi unakololedwa ndi mnansi, chifukwa unathera m'dimba mwake. Koma tomato ndi anyezi zinadzaza madengu, khonde, tebulo, mpaka pansi pa bedi.

Amene ankaseka anayamba kuzungulira m'mabango kufunafuna mabwato akale. Kalipentala choboolera chake sichigonanso pakhomo. Asodzi atatu abwera kale kwa Nkhafi kudzaphunzira kusema chotsekera, ndipo onse atatu, itakwana nthawi yoboola, anapita kuseri kwa nyumba kukaona nkhuku. Ntchito yoboola yandigwera ine.

Nesi anabwera ndi galimoto monga ananenera, pa mipando yakumbuyo atayalapo nsalu yoyera kuti makolo ake akhalepo. Anthu anadzaza kumsewu kudzatsanzika, wometa ali patsogolo. Nesi anatsika, anapereka moni, anazungulira bwato, analowetsa chala m'bowo, anapita kudimba ndi nsapato zake zoyera, n'kubwerako zili zakuda. Analowa m'nyumba n'kusuzumira pansi pa bedi.

"Amalume, ulimi wa m'madzi uja ndi umenewu?"

"Ndinakuuza ine. Iwe unati ndikunama."

Anayang'ana bambo ake, amene anali ataima chilili, chotsekera chili m'khosi, ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso.

"Chaka chino khalani," anatero Nesi. "Chaka chamawa tidzaonanso. Koma ababa, musamanjute m'madzi tsiku lonse, mawondo amenewo si a mnyamata."

Pa nsalu yoyera paja panakwera madengu awiri a tomato ndi thumba la anyezi, ndipo galimoto inanyamuka.

Zosamuka zija linali bodza. Nkhafi ndi chemwali wanga akadali m'nyumba yawo.